Khadi limodzi, maadiresi a MAC angapo: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la amene ali ndi kompyuta imodzi, khadi la netiweki limodzi ndi chingwe chimodzi, koma akufuna kuti rauta iziona ngati pali makina atatu kapena asanu. Zitsanzo zambiri ndi za Linux, chifukwa kumeneko ndi kumene ntchitoyi ili yosavuta. Kupanga interface yatsopano, kutanthauza khomo limene kompyuta imalumikizirana nalo ndi netiweki, ndi mzere umodzi basi. Chimene chimadya nthawi ndi kuchititsa kuti switch, rauta, Wi-Fi ndiponso kernel yeniyeniyo (mtima wa Linux) zigwirizane ndi zimene mwapangazo, ndipo mafunso ambiri pano agona pamenepo.

Adiresi ya MAC n'chiyani, nanga ikusiyana pati ndi IP?

Ndi nambala ya ma bit 48 imene imalembedwa m'magulu 6, monga 08:00:27:3c:5a:10. Switch wamba ya mu ofesi ilibe ntchito ndi IP. Iyo imayang'ana MAC, n'kumasunga mndandanda wakuti MAC yakuti ili pa port yakuti, ndipo frame (kaphukusi ka uthenga woyenda pa netiweki) ikabwera imaitumiza kumeneko. IP imayenda ulendo wautali kudutsa marauta ambiri, pamene MAC imathera pa rauta yoyamba. Seva ya ku London imene mukuwerengapo nkhani siiona MAC yanu n'komwe. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi ARP, njira imene inalembedwa mu RFC 826 m'chaka cha 1982: kompyuta imafunsa onse a pa netiweki kuti mwini wa IP yakuti ndani, mwiniwakeyo n'kuyankha potchula MAC yake. Muisunge m'mutu ARP imeneyi, chifukwa mavuto ambiri amene tikambe pansipa amayambira pa iyo.

Magulu atatu oyamba a MAC amaperekedwa ndi bungwe la IEEE kwa makampani. N'chifukwa chake munthu wozolowera akaona 08:00:27 amadziwa kuti ndi VirtualBox, 00:50:56 ndi VMware, 00:15:5d ndi Hyper-V, 00:16:3e ndi Xen, ndipo b8:27:eb ndi Raspberry Pi. Khadi limachoka kufakitale lili ndi MAC yake, koma imeneyo ndi yoyambira chabe. Imene imalembedwa pa frame iliyonse yotuluka amaisankha ndi mapulogalamu, ndipo apa ndi pamene pali mpata wonse wa ntchitoyi.

Munthu angafunirenji ma MAC angapo pa kompyuta imodzi?

Chifukwa chofala kwambiri ndi DHCP, njira imene rauta imagawira makina ma IP yokha. Rauta zambiri zimapereka IP imodzi kwa MAC imodzi, ndiye mukafuna ma IP atatu kuchokera kwa rauta yomweyo muyenera kuonekera ndi ma MAC atatu. Ena amafuna kuti container iliyonse (pulogalamu yoyenda m'chipinda chakechake mkati mwa kompyuta) ikhale ngati makina paokha, yokhala ndi IP yake ndi malamulo ake pa rauta. Ena ali ndi mapulogalamu awiri amene onse akufuna port 53 kapena port 80 (manambala amene pulogalamu imalandirirapo uthenga pa IP, osati port ya switch). Oyang'anira netiweki amapanga ma interface ambiri pofuna kuyesa ngati seva ya DHCP ikugawa bwino anthu asanayambe kuigwiritsa ntchito. Mphunzitsi amene ali ndi makompyuta awiri okha atha kuonetsa ophunzira netiweki ya makina khumi.

Palinso VRRP, imene imalola marauta awiri kugawana IP imodzi kuti ina ikazima ina ipitirize. VRRP ili ndi MAC yakeyake yoyamba ndi 00:00:5e:00:01, ndipo pulogalamu ya keepalived ikauzidwa kuti igwiritse ntchito MAC imeneyo imapanga interface ya macvlan, mtundu womwe tikukambawu.

Si zofanana ndi eth0:1 ndi eth0:2 za pa ifconfig?

Ayi. Amenewo ndi maina chabe a ma IP owonjezera pa interface imodzimodziyo, ndipo onse amagwiritsa ntchito MAC imodzi. Ngati mukungofuna IP yachiwiri yoika pamanja, `ip addr add` ikukwanirani, musadzivutitse ndi zina zonsezi.

Ndiye ndipange bwanji pa Linux?

Chida chake ndi macvlan, chimene chinalowa mu kernel 2.6.23 m'chaka cha 2007, ntchito ya Patrick McHardy. Chilipo pa Debian, Ubuntu, Fedora ndi ena onse odziwika, simufunika kuika china chilichonse. Muli ndi mphamvu za root, lembani izi:

```
ip link add link eth0 name mv0 address 02:00:00:10:00:01 type macvlan mode bridge
ip link set mv0 up
ip addr add 192.168.1.51/24 dev mv0
```

M'malo mwa eth0 ikani dzina la khadi lanu, lingakhale enp3s0 kapena eno1. `ip -br link` ikuonetsani. Khadi lenilenilo tizilitcha kholo, ma interface opangidwawo ana. Dzina la mwana lisapitirire zilembo 15. Mukafuna kuti IP ichokere kwa rauta, siyani mzere wachitatu n'kuyendetsa `dhclient mv0`. Bungwe la ISC linasiya kusamalira dhclient mu 2022, choncho pa makina ena atsopano simuipeza. Dhcpcd kapena udhcpc zimagwira ntchito yomweyo. Kuchotsa mwana ndi `ip link delete mv0`.

Zili ngati mpanda wa lendi wokhala ndi geti limodzi: kalata iliyonse imalowera pa geti lomwelo, koma imapita kwa amene dzina lake lalembedwa pa envelopu. Frame ikafika pa khadi, kernel imayang'ana MAC yolembedwapo n'kuipereka kwa mwana woyenera. Imene ilibe mwini pakati pa anawo imapita kwa kholo.

Mukaona uthenga wakuti `Device or resource busy`, kawirikawiri ndiye kuti eth0 ili kale mkati mwa bridge, switch ya mkati mwa Linux. Pangani mwanayo pa bridge imeneyo, monga br0, osati pa eth0.

MAC yake ndingolemba iliyonse imene yandibwerera?

Ayi ndithu, ndipo apa ndipempha kuti mufatse. Mu gulu loyamba la MAC muli ma bit awiri amene ali ndi tanthauzo. Bit yotsiriza ikakhala 1, adiresiyo ndi ya multicast, yopita kwa gulu la makina, ndipo siingakhale ya interface. Choncho gulu loyamba likathera pa nambala yosagawika pawiri, monga 01, 03 kapena 0b, kernel ikana ndi mawu akuti `Cannot assign requested address`. Bit yoyandikana nayo ikakhala 1, ikunena kuti adiresiyi sinachokere kwa IEEE, yaikidwa ndi mwini netiweki. Imeneyo ndiyo mukufuna. Pa maso zimaoneka chonchi: chilembo chachiwiri cha MAC chikhale 2, 6, a kapena e.

Mwa zinayi zimenezi ine ndimalangiza 2. Mu 2017 IEEE inatulutsa 802c, imene inagawa malowa panayi: zothera pa a ndi e zinapatsidwa ntchito zina, 6 inasungidwa, ndipo 2 inasiyidwa m'manja mwa woyang'anira netiweki. Mukayamba ndi 02 muli pamalo panu. Docker, pulogalamu yoyendetsa ma container, kwa nthawi yaitali inkayamba ndi 02:42, ndipo QEMU imayamba ndi 52:54:00. Zonsezi zili m'gawo lomweli, ndiye musatengeko ziyambi zimenezo kuti mudzathe kusiyanitsa zanu ndi zawo pa mndandanda wa rauta.

Mukapanda kulemba address, kernel isankha yokha mwachisawawa. Pa kuyesa kwa mphindi zochepa palibe vuto. Koma pa chinthu chokhalitsa, MAC ikasintha rauta imaona ngati kwabwera mlendo watsopano n'kupereka IP ina, ndipo ma IP akale amakhala omangika mpaka nthawi yake itatha. Sankhani nokha, mutsate ndondomeko, ndipo mulembe penapake. Mwachitsanzo gulu lachinayi likhale nambala ya kompyuta, lomaliza nambala ya mwana.

Ma MAC awiri osankhidwa mwachisawawa safanana kawirikawiri, malo ndi aakulu kwambiri. Kufanana kumabwera munthu akakopera fayilo ya pa seva ina kupita pa ina osasintha nambala. Pa kholo limodzi kernel imakana ana awiri a MAC imodzi, koma pa makompyuta awiri osiyana palibe amene angakuletseni. Switch imayamba kuona MAC yomweyo pa port ino kenako pa port iyo, ndipo makina onse awiri amangoti agwire, aduke, agwirenso. Vuto lotere ndi lovuta kulipeza chifukwa silizimitsa chinthu kotheratu.

Mawu akuti mode bridge akutanthauza chiyani? Pali ena?

Alipo asanu. Mu bridge, ana a kholo limodzi amalankhulana mkati mwa kompyuta momwemo osatulukira pa chingwe, ndipo anthu ambiri akufuna imeneyi. Mu vepa, chilichonse chimatuluka kupita ku switch, ngakhale chopita kwa mwana mnzake, ndipo chimabwerera pokhapokha switch ikhale yodziwa kubweza frame pa port imene yalowera. Switch zambiri sizichita zimenezo. Chenjerani: mukapanda kulemba mode, kernel imasankha vepa, ndiye ana anu sadzaonana inu n'kumadabwa. Mu private ana saonana ngakhale switch itabweza. Passthru imapereka khadi lonse kwa mwana mmodzi yekha. Source imalola frame zochokera ku ma MAC okhawo amene mwawalemba.

Makompyuta ena akuifika container yanga, koma kompyuta imene ikuisungayo ikulephera. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chimene chalakwika, macvlan inapangidwa choncho. Kholo likatumiza frame, imapita molunjika pa chingwe osadutsa pa anawo. Mwana akatumiza kwa kholo, nayonso imatuluka pa chingwe. Switch ikaona kuti wolandira ali pa port yomwe frame yalowera, siibweza. Ndiye awiri okhala m'bokosi limodzi amalephera kumvana pamene foni ya pa Wi-Fi ikuwafika onse.

Mankhwala ake ndi kupatsa kompyutayo mwana wakewake, popeza ana amamvana mu bridge. Tinene kuti ma container anu ali pakati pa 192.168.1.192 ndi 192.168.1.223:

```
ip link add link eth0 name mv-kholo address 02:00:00:10:00:fe type macvlan mode bridge
ip addr add 192.168.1.223/32 dev mv-kholo
ip link set mv-kholo up
ip route add 192.168.1.192/27 dev mv-kholo
```

Onani /32 pa mzere wachiwiri. Mukalemba /24 mupanga njira yachiwiri yopita ku netiweki yonse, n'kugwa m'vuto la funso lotsatirali. Ma container azifika kompyutayo kudzera pa .223, osati pa IP ya eth0.

Ndapanga ana atatu, aliyense ali ndi IP yake, koma rauta ikuonetsa MAC imodzi pa ma IP onse. Bwanji?

Ili ndilo funso lalikulu pa tsamba lino. Linux imaona IP ngati ya kompyuta yonse, osati ya interface imene mwaiikapo. Rauta ikafunsa kudzera pa ARP kuti mwini wa 192.168.1.51 ndani, funsolo limafika kwa kholo ndi kwa ana onse, chifukwa limapita kwa aliyense. Aliyense wa iwo amaona kuti IP imeneyo ndi ya pakhomo pano, n'kuyankha ndi MAC yake. Rauta imalandira mayankho anayi n'kusunga limodzi. Lero isunga la mv0, mawa la eth0. Ntchito yonse imene munagwira yosiyanitsa ma MAC yapita pachabe.

Gawo loyamba la mankhwala ndi kuuza kernel kuti interface iziyankhira IP yake yokha:

```
sysctl -w net.ipv4.conf.all.arp_ignore=1
sysctl -w net.ipv4.conf.all.arp_announce=2
```

Izi zimakonza zolowa. Zotuluka zidakali ndi vuto lake. Interface iliyonse imene ili pa 192.168.1.0/24 imaika njira yake pa mndandanda wa njira, ndipo kernel imasankha imodzi, kawirikawiri ya eth0. Ndiye yankho lochokera ku .51 limatulukira pa eth0, litanyamula MAC ya eth0. Kuti izi zithe, IP iliyonse iyenera kukhala ndi mndandanda wake wa njira:

```
ip rule add from 192.168.1.51 table 51
ip route add 192.168.1.0/24 dev mv0 table 51
ip route add default via 192.168.1.1 dev mv0 table 51
```

Pamwamba pa izo muyang'anenso rp_filter. Ikakhala 1, kernel imataya paketi imene yalowera pa interface yosiyana ndi imene yankho lake likanatulukira, ndipo imataya mwakachetechete. Iikeni pa 2.

Zonsezi zimatheka, koma ine sindizikonda pa ana oposa awiri, chifukwa zosamala zimachuluka ndipo chimodzi chikaiwalika zonse zimasokonekera. Njira yoyera ndi network namespace, imene ili mu kernel kuyambira 2.6.24. Mwana aliyense mumamuika m'chipinda chake, chokhala ndi mndandanda wake wa ARP, njira zake ndi malamulo ake a firewall. Sadziwa n'komwe za ma IP a anzake, ndiye sangawayankhire.

```
ip netns add chipinda1
ip link set mv0 netns chipinda1
ip netns exec chipinda1 ip link set lo up
ip netns exec chipinda1 ip link set mv0 up
ip netns exec chipinda1 dhclient mv0
```

Zinthu ziwiri muzidziwe. Interface ikasamutsidwa imataya IP imene inali nayo ndipo imazima, choncho yambani mwasamutsa, IP ibwere pambuyo. Chachiwiri, dhclient imalemba pa /etc/resolv.conf, ndipo ingasokoneze DNS (njira yosinthira maina kukhala ma IP) ya kompyuta yonse. Pangani fayilo ya /etc/netns/chipinda1/resolv.conf musanayambe; `ip netns exec` ikaipeza imaiika m'malo mwa ya kompyuta yonse. Pulogalamu iliyonse imene mukufuna kuti izituluka ndi MAC imeneyo muziiyendetsa ndi `ip netns exec chipinda1` kutsogolo kwake. Docker, Podman ndi LXC zimachita zomwezi kuseri, n'chifukwa chake ma container savutika ndi za ARP zimenezi.

Pa chingwe zikuyenda, koma pa Wi-Fi palibe chikudutsa.

Sizidzadutsa, ndipo vuto si lanu. Frame wamba yochoka pa laputopu kupita ku access point (chida chopereka Wi-Fi) ili ndi malo a maadiresi atatu: ya access point, ya wotumiza, ndi ya kumene ikupita. Wotumizayo ayenera kukhala yemwe analumikizana ndi access point n'kupatsidwa makiyi. Frame ya MAC yachilendo imatayidwa. Muyezo wa 802.11 uli ndi frame ya maadiresi anayi, ndipo pa Linux imayatsidwa ndi `iw dev wlan0 set 4addr on`, koma access point nayo iyenera kuvomera. Ya OpenWrt, Linux yoikidwa pa rauta, mutha kuiuza kutero. Rauta zambiri zogula m'sitolo, komanso foni imene mwaisandutsa hotspot, sizivomera.

Mwina mufunsa kuti nanga VirtualBox imatha bwanji bridge pa Wi-Fi. Iyo imasintha MAC ya frame iliyonse yotuluka n'kuikapo ya laputopu, ndiye kunja kumaoneka MAC imodzi yokha. Makhadi ena a Wi-Fi amalola ma interface angapo pa wailesi imodzi, iliyonse n'kulumikizana payokha. `iw list` imaonetsa zimene khadi lanu lingathe. Koma ngati mungathe kukoka chingwe, kokani chingwe.

Nanga ipvlan?

Ndi m'bale wake wa macvlan amene anabwera mu kernel 3.19 mu 2015, wolembedwa ndi Mahesh Bandewar wa ku Google. Ana onse amagawana MAC ya kholo, kernel n'kumawasiyanitsa ndi IP. Ndiye siyankha funso la mutu wa tsamba lino, koma imapulumutsa pamene netiweki ikukana ma MAC owonjezera, monga pa Wi-Fi. DHCP pa ipvlan ndi yovutirapo chifukwa seva imaona MAC imodzi, ndipo mwana aliyense ayenera kudzidziwikitsa ndi client identifier yake. Ambiri amangoika ma IP pamanja. Kholo limodzi silinganyamule macvlan ndi ipvlan nthawi imodzi.

Nditangoyatsa mwana, netiweki yonse ya kompyuta yanga mu ofesi yazima.

Mwagunda port security. Pa switch za Cisco, ikayatsidwa popanda kusintha china, port imalola MAC imodzi, ndipo yachiwiri ikaonekera port imatsekedwa n'kulowa mu err-disabled. Kuchotsa mwanayo sikuitsegula. Ayenera kuitsegula ndi woyang'anira switch, pokhapokha ngati anaikonza kuti izidzitsegula yokha pakapita nthawi. Malo amene amagwiritsa ntchito 802.1X nawonso amafuna kuti makina aliwonse adzidziwikitse. Pa netiweki imene si yanu, lankhulani ndi a IT musanayese. Kukweza chiwerengerocho kwa iwo ndi mzere umodzi, `switchport port-security maximum 5`, ndipo amakondwa kufunsidwa kusiyana ndi kuthamangitsidwa port itatseka.

Linux yanga ili mkati mwa makina a virtual. Zitheka?

Zitheka, koma hypervisor, pulogalamu yoyendetsa makina a virtual, iyenera kulola. Switch ya mkati mwake imadziwa MAC imodzi ya makina anu ndipo zina imazitaya. Pa VirtualBox, adapter ikhale ya bridged ndipo Promiscuous Mode ikhale pa Allow All. Pa VMware ESXi, pa port group vomerani Promiscuous mode ndi Forged transmits. Pa Hyper-V yatsani MAC address spoofing pa adapter ya makinawo. Chizindikiro chake n'chimodzi konsekonse: pempho la DHCP likuoneka likutuluka, yankho silibwera.

Kwa amene akuyendetsa KVM pali macvtap, imene inalowa mu kernel 2.6.34. Ndi macvlan yomweyo yolumikizidwa ndi tap kuti makina a virtual akhale mwana mwachindunji popanda bridge. Vuto lakuti kholo silimvana ndi mwana liliponso kumeneko.

Pa seva yobwereka pa intaneti?

Kawirikawiri ayi. Makampani akuluakulu a cloud, monga AWS, salola frame za MAC imene sanapereke okha. Kumeneko mumapempha interface yowonjezera kwa iwo. Obwereketsa maseva enieni ena ali ndi njira yake: Hetzner ndi OVH amapereka MAC yapadera pa IP yowonjezera imene mwagula, ndipo muyenera kugwiritsa ntchito imeneyo basi. Mukapeka yanu mungalandire chenjezo kapena kutsekeredwa seva.

Pa Docker ndilemba chiyani?

```
docker network create -d macvlan --subnet=192.168.1.0/24 --gateway=192.168.1.1 --ip-range=192.168.1.192/27 --aux-address="kholo=192.168.1.223" -o parent=eth0 panja
docker run -d --network panja --ip 192.168.1.200 --mac-address 02:00:00:10:00:c8 nginx
```

Chofunika kumvetsa n'chakuti Docker sifunsa rauta yanu. Imagawa ma IP yokha kuchokera pa subnet imene mwalemba. Mukasiya `--ip-range`, iyamba kugawa kuchokera kumayambiriro kwa subnet, kumene mwina kuli kale printa kapena foni ya munthu. Patulani chigawo, ndipo pa rauta muchepetse malire a DHCP kuti isamafike m'chigawocho. `--aux-address` ikusungira malo mv-kholo uja.

Kumbukiraninso kuti container ya pa macvlan ili poyera pa netiweki. Ma port ake onse akuoneka, `-p` ilibe ntchito, ndipo malamulo a iptables kapena ufw a kompyuta yosungayo saiteteza, chifukwa mapaketi ake sadutsa kumeneko. Ambiri amaiwala mfundo imeneyi, ndipo ndi yoopsa kuposa zina zonse zimene takambazi.

Ndingapange angati? Liwiro lichuluka?

Liwiro silichuluka. Khadi la 1 Gbps likhalabe la 1 Gbps, ana onse n'kumagawana. Chiwerengero chimatha kufika mazana, ndipo kawirikawiri mumayamba kuthedwa ma IP: /24 ili ndi 254 okha. Khadi lililonse lili ndi malo ochepa osungira ma MAC amene limasefa lokha. Akadzaza, kernel imaliika mu promiscuous mode kuti lizilandira zonse, ndipo kusefako kumagwera purosesa. Frame iliyonse ya broadcast, yopita kwa onse, imakoperedwanso kwa mwana aliyense, choncho pa netiweki yaphokoso ana ambiri amalemetsa makina.

Amene akufuna liwiro lenileni pa seva ayang'ane SR-IOV, pamene khadi lenilenilo limadzigawa n'kuoneka ngati makhadi angapo. Mumalemba chiwerengero mu /sys/class/net/eth0/device/sriov_numvfs, kenako `ip link set eth0 vf 0 mac` ndi adiresi yake. Zimafuna khadi la seva ndi BIOS yolola.

Ndazimitsa kompyuta, poyatsa zonse zapita.

Zimene mwapanga ndi `ip` zimakhala mu memory yokha. Pa NetworkManager mzere uwu umasunga:

```
nmcli connection add type macvlan con-name mv0 ifname mv0 dev eth0 mode bridge ethernet.cloned-mac-address 02:00:00:10:00:01
```

Pa systemd-networkd pamafunika zinthu zitatu mu /etc/systemd/network. Fayilo ya mv0.netdev ikhale ndi `Name=mv0`, `Kind=macvlan` ndi `MACAddress=` m'gawo la NetDev, komanso `Mode=bridge` m'gawo la MACVLAN. Fayilo ya kholo ikhale ndi `MACVLAN=mv0` m'gawo la Network; ambiri amaiwala mzere umenewu, ndipo popanda iwo mwana sabadwa. Chachitatu ndi mv0.network yokhala ndi IP kapena `DHCP=yes`. Ngati munasungitsa IP pa rauta potengera MAC koma rauta ikupereka ina, ikani `ClientIdentifier=mac` m'gawo la DHCPv4, chifukwa networkd payokha imadzidziwikitsa ndi nambala ina osati MAC. Za sysctl zija zilembedwe mu fayilo ya m'kati mwa /etc/sysctl.d.

Nanga pa Windows ndi pa rauta?

Windows ilibe macvlan, koma Hyper-V, imene ili pa Pro, Enterprise ndi Education, imafikitsa pomwepo. Mu PowerShell ya administrator:

```
New-VMSwitch -Name "Panja" -NetAdapterName "Ethernet" -AllowManagementOS $true
Add-VMNetworkAdapter -ManagementOS -SwitchName "Panja" -Name "v1" -StaticMacAddress "020000100001"
```

Netiweki iduka kwa kanthawi pamene switch ikupangidwa, ndiye musachite izi pa kompyuta imene mwailowa muli kutali. Pa OpenWrt ikani kmod-macvlan, malamulo ake ndi omwe aja a `ip link`.

Kodi si mlandu kupeka MAC?

Kupeka pakokha si mlandu. Foni imene muli nayo m'thumba imachita zimenezo tsiku lililonse: Android 10 ya 2019 ndi iOS 14 ya 2020 zinayamba kugwiritsa ntchito MAC yopeka pa Wi-Fi iliyonse pofuna kuteteza mwini wake kuti asamatsatidwe. Nkhani imasintha mukatenga MAC ya munthu wina kuti mulowe pamene simunaloledwe, kapena mukapanga ma MAC ambiri kuti muzembe malire a hotspot yolipira. Kumeneko ndi kuba, ndipo mnzanu amene mwamutengera adiresi amadukanso netiweki osadziwa chifukwa chake. Ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa pa makompyuta a ena popanda chilolezo.

Ndatsatira zonse koma sizikugwirabe. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kusintha zinthu, yambani ndi kuona. `ip -d link show mv0` ikuuzani mode yeniyeni, MAC ndi kholo. Onani ngati pali UP, ndipo kholo nalo likhale loyaka, chifukwa likazima ana onse amagona. Kenako tsegulani `tcpdump -e -n -i eth0 arp or port 67 or port 68`. Kachilembo ka `-e` ndiko kofunika, kamaonetsa MAC ya frame iliyonse. Pempho likatuluka ndi MAC ya mwana koma yankho osabwera, vuto lili kunja: switch, hypervisor kapena Wi-Fi. Likatuluka ndi MAC ya kholo, vuto lili pa njira za mkati, bwererani ku funso la ARP. Likapanda kutuluka n'komwe, yang'anani firewall ndi namespace imene mwayendetseramo pulogalamu.

Umboni wotsimikizika uli pa kompyuta ina ya pa netiweki yomweyo. Pamenepo yendetsani `arping` ku IP ya mwana. Muyenera kuona yankho limodzi pa funso lililonse, lochokera ku MAC yomwe munasankha. Mukaona ma MAC awiri akuyankha, arp_ignore sinagwire kapena pali makina ena amene ali ndi IP yomweyo. Mukakonza, chotsani zakale ndi `ip neigh flush all` pa kompyuta yoyeserayo musanayesenso, apo ayi idzapitiriza kutumiza ku MAC imene inasunga poyamba.